Makina ogaya nthambi akamangoimaima: mvetserani injini musanamasule bawuti

Mtengo mwaugwetsa bwinobwino, nthambi zaunjikana, mwini malo akudikira kuti pabwalo pake payere, koma makina ogaya nthambi ayamba khalidwe lawo lija. Akoka nthambi pang'ono, aima. Akokanso, aimanso. Ntchito ya ola limodzi ikudya tsiku lonse. Amene amagwira ntchito yodula ndi kusadza mitengo amadziwa kuti vuto limeneli silibwera kamodzi n'kutha. Limachoka sabata ino, n'kubweranso mwezi wa mawa litavala malaya ena.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri amathamangira kugula pampu ya hayidiroliki, yomwe imakankha oyilo mwamphamvu m'mapayipi, chifukwa maso awo akuona magudumu okoka nthambi ataima, ndipo magudumuwo amayendera oyilo. Pampu ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa makinawa, komanso ndi chimodzi mwa zomwe siziwonongeka kawirikawiri. Nthawi zambiri magudumu aja sanadwale ayi. Auzidwa kuti aime.

Kuti izi zimveke, tikumbutsane mmene makinawa, omwe m'mabuku awo amatchedwa chipper, amagawira mphamvu. Injini imodzi imadyetsa mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi disiki kapena dilamu yolemera yonyamula mipeni, yomwe imazunguzidwa ndi malamba. Mbali yachiwiri ndi pampu ya hayidiroliki, yomwe imayendetsa magudumu a mano okokera nthambi ku mipeniyo. Pakati pa mbali ziwirizi pali mlonda: kabokosi ka magetsi kokhala ndi sensa yowerenga liwiro. Liwiro likatsika kupitirira malire amene anaikidwa, kabokosiko kamaimitsa magudumu, pa makina ena kamawabweza m'mbuyo pang'ono, mpaka injini itapezanso mpweya. Mwa makampani opanga makinawa, a Vermeer amakatchula SmartFeed, a Bandit amati autofeed, pomwe makina ambiri a ku Ulaya amalemba kuti no-stress. Maina ndi osiyana koma ntchito ndi imodzi.

Choncho funso loyamba si lakuti chawonongeka n'chiyani. Funso ndi lakuti: pa nthawi imene magudumu akuima, injini ikumveka bwanji? Ngati ikubuula, mawu ake akutsika ngati galimoto yolemedwa pachitunda, ndiye kuti mlonda uja akugwira ntchito yake ndipo vuto lili ku mbali ya mipeni kapena ku injini yeniyeniyo. Ngati injini ikulira mosalala, osalemedwa ngakhale pang'ono, koma magudumu ali duu, kawirikawiri vuto lili ku magetsi kapena ku oyilo. Pa njira ziwirizi, mukalowa yolakwika mudzataya ndalama ndi masiku.

Musanagwire chilichonse

Zimitsani injini, chotsani kiyi n'kuika m'thumba mwanu, osati pampando. Disiki imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi ndithu injini itazima, ndipo ikamatha liwiro imayenda mwakachetechete moti mungaganize kuti yaima. Dikirani mpaka muone ndi maso kuti shafiti yasiya kuyenda. Kenako lowetsani chitsulo chokhomera disiki m'bowo lake musanayandikitse dzanja ku mipeni. Ngati mukukweza gudumu lapamwamba kuti muone m'kati, lichirikizeni ndi chokhomera chake. Hayidiroliki yokha si yoti munthu n'kuikhulupirira ndi mkono wake.

Injini ikamabuula

Yambani ndi mipeni. Ndikudziwa kuti mwina munaisintha posachedwa, koma yambani ndi mipeni basi. Mwala umodzi wobisala m'mizu, msomali wakale wokwiririka m'thunthu, waya wa mpanda womwe mtengo unameza zaka zapitazo, chilichonse mwa izi chimatha kubunthitsa mpeni watsopano m'kuphethira kwa diso. Nthambi zomwe zakokedwa pansi pamchenga zimadya mipeni pang'onopang'ono ngati tupa.

Simufunikanso kutsegula makina kuti mudziwe. Tolani tizibenthu todzaza dzanja pamulu umene watuluka. Mpeni wakuthwa umatulutsa tizibenthu tofanana kukula, todulidwa mosalala m'mbali. Mpeni wobuntha umatulutsa zinyang'anyang'a zazitali ngati luzi, zosakanikirana ndi fumbi lambiri. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mpeni wakuthwa umathandiza kukoka mtengo. Ukaluma, umaukokera m'kati. Ukabuntha umayamba kuumenya ndi kuukankhira kunja, ndiye magudumu akukankhira m'kati, mpeni ukukankhira kunja, injini ili pakati kuvutika. N'chifukwa chake makina a mipeni yobuntha amanjenjemera, amamwa dizilo wambiri, ndipo amapha malamba ndi maberingi nthawi yake isanakwane.

Mipeni yambiri ili ndi mbali ziwiri zakuthwa, kotero mbali imodzi ikatha mumaitembenuza. Potembenuza kapena posintha, palani pamalo pokhala mpeni mpaka chitsulo chiwale. Utomoni wouma kapena kachibenthu kakang'ono kotsala pansi pa mpeni kamachititsa kuti mpeniwo usakhale bwino, ndipo mpeni wa chitsulo cholimba chonchi supindika, umathyoka. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza kamangidwe ka bawuti, pa mlingo umene buku la makinawo lanena, osati ndi sipanala yowonjezera payipi n'kumati ndamanga mwamphamvu. Bawuti lomangitsa limatanuka n'kufooka, lomasuka limalola mpeni kusewera. Mabawuti a mipeni amasinthidwanso pakapita nthawi, ndipo ogula m'malo mwake akhale a mphamvu yofanana ndi oyambawo.

Pa nkhani yonola, apa ndi pamene anthu ofuna kusunga ndalama amadzipweteka. Kunola ndi galayinda ya pamanja kumatenthetsa msonga mpaka kusanduka yabuluu, ndipo chitsulo chikafika pamenepo chataya kulimba kwake. Chidzaoneka chakuthwa m'mawa, pofika masana chabuntha. Mipeni ipite kwa onola omwe ali ndi makina othira madzi ponola, omwe amasunga kapendekedwe ka msonga monga anakonzera opanga. Ipite yonse pamodzi kuti ibwere yolemera mofanana, apo ayi disiki idzalemera mbali imodzi. Tupa kapena mwala wa pamanja ndi wongodzutsira msonga pakati pa ntchito. Amene amayenda ndi mipeni ina yonolanola m'galimoto sagona pantchito chifukwa cha msomali umodzi.

Mnzake wa mpeni amaiwalika kwambiri. Ndi chitsulo chokhazikika chimene mtengo umatsamira pamene mpeni ukudutsa, chotchedwa anvil. Ziwirizi zimagwira ntchito ngati lumo la sizasi: mbali imodzi ikakhala yakuthwa koma inayo itakulungika, kudula kulibe. M'mphepete mwa anvil muyenera kukhala ngodya yeniyeni. Ngati mwazungulira ngati msana wa supuni, itembenuzeni kapena isintheni. Mpata wa pakati pa mpeni ndi anvil ndi waung'ono zedi, pa makina ambiri umakhala pakati pa milimita 1 ndi 3 malinga ndi mtundu wake, ndipo nambala yeniyeni ili m'buku la makina anuwo. Kumbukirani kuti kunola kulikonse kumafupikitsa mpeni, ndiye mpatawo umakula. Yezani pa mpeni uliwonse, kumayambiriro ndi kumapeto kwake, n'kutengera mpeni umene wayandikira kwambiri. Mukamaliza zunguzani disiki ndi dzanja ulendo wathunthu musanalize injini. Mpeni ukagunda anvil pa liwiro lonse, zomwe zimatuluka m'chumuni chotulutsira tizibenthu ndi zitsulo.

Mipeni ndi anvil zikakhala bwino, pitani ku malamba. Lamba woterereka ali ndi chinyengo chake: injini imatha kumveka ngati ili bwino pomwe disiki ikutaya liwiro. Zizindikiro zake ndi kulira kwa tswii mtengo waukulu ukalowa, fungo la labala wopsa, fumbi lakuda m'kati mwa chotchingira, ndi m'mbali mwa lamba mowala ngati galasi. Lamba akafika powala chonchi, kumukoka sikuthandizanso. Sinthani onse nthawi imodzi, chifukwa watsopano mmodzi pakati pa akale amasenza katundu yekha. Malamba atsopano amatanuka m'maola oyambirira, choncho bwererani kukawakunganso ntchito ya tsiku loyamba ikatha. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene vutoli limabwerera patangotha sabata makaniko atachoka. Musakungenso mopitirira, maberingi ndi amene amalipira.

Makina akuluakulu amakhala ndi kilatchi ya chogwirira chapamanja. Imeneyi imalowetsedwa injini ili pa liwiro lotsika, pang'onopang'ono, disiki ikayamba kuyenda ndiye n'kukankha mpaka ikhome. Chogwiriracho chikayamba kulowa mofewa popanda kulimbalimba kuja kwa pomaliza, kilatchi yamasuka ndipo ikuterereka. Ili ndi mkombero wosinthira m'kati mwake, ndipo kuisintha pa nthawi yake n'kwa mphindi zochepa. Kuisiya kumaiwotcha.

Pomaliza pa mbali imeneyi ndi injini yeniyeniyo. Makinawa amakhala m'fumbi la ntchito yawo yomwe, ndiye fyuluta ya mpweya ndi radiyeta zimatsekeka msanga kuposa za galimoto. Utsi wakuda pamene mtengo walowa ukutanthauza kuti mpweya ukuchepa kapena katundu wachuluka. Injini yomwe imayamba bwino koma n'kufooka ikalemedwa, popanda utsi wakuda, kawirikawiri ikusowa dizilo: fyuluta yatsekeka, muli madzi m'kapu ya pansi pake, kapena kabowo kopumira pa chivundikiro cha thanki katsekeka. Radiyeta ipemerereni ndi mpweya kuchokera mbali ya injini kupita kunja, kuti fumbi libwerere njira imene linalowera. Onaninso waya wa moto, wochokera ku chogwirira chokwezera liwiro la injini, chifukwa ukatanuka injini sifika pa liwiro lake lonse ngakhale chogwirira chili kumapeto. Injini zatsopano za malamulo a utsi a Tier 4 Final ku America ndi Stage V ku Ulaya zili ndi khalidwe lina: zambiri zili ndi fyuluta yogwira mwaye, ndipo ikadzaza kompyuta imachepetsa yokha mphamvu ya injini. Makina omwe amathera nthawi yaitali akungolira pa liwiro lotsika ndi amene amadzaza msanga. Nyali ikayaka, werengani tanthauzo lake m'buku musanaimbe mlandu china chilichonse.

Chumuni chikamatsekeka

Ili ndi vuto lapachibale. Tizibenthu timatuluka chifukwa cha kuponyedwa ndi mapiko a kumbuyo kwa disiki komanso mphepo imene mapikowo amapanga. Liwiro likatsika, mphepo imachepa, zonyowa zimamatirira m'khosi la chumuni, zotsatira zake zimabwerera m'nyumba ya disiki n'kuilemetsa, liwiro n'kutsikiratsikira. Masamba anyowa, makhwatha a kanjedza, zomera zoyanga ndi nthambi za utomoni ndizo zimayambitsa kwambiri. Mankhwala ake ndi kasakanizidwe: mukalowetsa zamasamba, tsatizani nthambi youma yolimba kuti isese njira. Pomaliza ntchito musazimitse makina nthawi yomweyo. Alekeni azungulire pa liwiro lonse kwa kanthawi kuti atulutse zotsalira, apo ayi m'mawa mudzapeza disiki itagwidwa ndi zinyalala zouma. Ngati chumuni chikutsekeka ngakhale ndi nkhuni zouma ndi mipeni yakuthwa, yang'anani mapiko aja. Amadyeka kunsonga, ndipo mpata wa pakati pa iwo ndi khoma ukakula saponyanso patali.

Injini ikamalira bwino koma magudumu ali duu

Apa yambirani pa zotchipa. Kodi moto uli kumapeto? Makina ambiri salola magudumu kupita kutsogolo mpaka liwiro litakwana, ngakhale amalola kubwerera m'mbuyo. Zimenezi ndi chida chofufuzira chabwino kwambiri: ngati magudumu akubwerera m'mbuyo mwamphamvu koma akukana kutsogolo, pampu ndi oyilo zilibe mlandu. Funani ku magetsi.

Chitsulo chachitetezo chozungulira pakamwa pa makina chimakhala ndi timaswitchi, ndipo nthambi zimachimenya tsiku lonse. Chikapindika pang'ono, kapena kachibenthu kakalowa pa switchi, makina amaganiza kuti munthu wachikankha. Onaninso mabatani ofiira oimitsira mwadzidzidzi, fyuzi, ndi mawaya odutsa pa mahinje a tebulo lolowetsera nthambi, chifukwa pamenepo ndi pomwe amathyokera m'kati chikopa chili chabwinobwino. Kenako sensa ya liwiro. Imakhala pafupi kwambiri ndi chitsulo chozungulira chimene imawerenga, ndipo ikasuntha chifukwa cha kunjenjemera, kapena kumutu kwake kukamatirira tizitsulo ndi girizi, imawerenga liwiro lochepa pomwe injini ili bwino. Ipukuteni, bwezerani mpata wake. Chomaliza ndi solenoid, koyilo ya magetsi yomwe imatsegula valavu ya oyilo. Ikalandira magetsi imagwira maginito, moti sikuludiraiva imamatirira pa nati yake. Ngati magetsi akufika koma maginito palibe, koyilo yapsa.

Pali nthawi imene magudumu akuzungulira koma mtengo sukuyenda. Mano atha, kapena adzaza makungwa ndi matope, kapena masipiringi okokera gudumu lapamwamba pansi atopa. Nthawi zina gudumu lapamwamba limakakamira m'njanji zake chifukwa chosowa girizi, ndiye silitsika kudzapana mtengo. Pansi pa gudumu la m'munsi pamaunjikananso tizidutswa tomwe timalimanga. Ngati mota ya hayidiroliki ikumveka kuti ikuyenda koma gudumu laima, kiyi ya pa shafiti yaduka kapena cholumikizira chadyeka mano.

Hayidiroliki yeniyeni imadzionetsa mwa njira yake: m'mawa makina amakoka bwino, koma oyilo akatentha amafooka. Oyilo wotentha amapyapyala n'kumadutsa m'mipata ya pampu kapena mota yodyeka. Musanaweruze, onani mlingo wa oyilo ndi maonekedwe ake. Wa thovu ndiye kuti mpweya ukulowa ku payipi yokokera. Wooneka ngati mkaka muli madzi. Wakuda wonunkha kupsa watenthedwa, ndipo oyilo wa hayidiroliki akamapitirira madigiri 80 Celsius amawonongeka msanga pamodzi ndi malabala otsekera. Sinthani fyuluta, tsukani kasefa ka m'thanki, ndipo thirani oyilo wa kulemera kumene buku lanena, kawirikawiri ISO VG 32 kapena 46.

Zikapitirira, lumikizani geji ya puresha. Popanda geji zonse ndi zongoganizira. Panitsani magudumu pa chipika chomwe sangachikoke, kwa masekondi ochepa okha, n'kuwerenga. Puresha ikafika pa nambala ya m'buku koma magudumu alibe mphamvu pantchito, yang'anani ku mano, masipiringi ndi kiyi za gudumulo. Ikalephera kufika, oganiziridwa ndi atatu: valavu yotulutsira puresha yochuluka, yomwe kachitsotso kamodzi kamatha kuisiya yotseguka pang'ono, mota yodutsitsa oyilo m'kati, ndiye pomaliza pampu. Ndipo chonde, pofufuza pomwe payipi ikudontha gwiritsani ntchito katoni, osati chala. Oyilo wotuluka pa kabowo kosaoneka amaboola khungu ngati jakisoni. Bala lake limaoneka laling'ono, koma likufunika dokotala wa opaleshoni tsiku lomwelo, chifukwa munthu amatha kutaya dzanja.

Za kusintha makina kuti akhale amphamvu

Munthu akatopa ndi kuimaima, maganizo atatu amabwera. Oyamba ndi kudula mlonda uja kuti magudumu azingokoka. Zotsatira zake injini imazimira mtengo uli pakati pa mipeni, ndipo kuchotsa chipika chopanikizika chonchi ndi ntchito ya maola, osawerengera malamba opsa. Achiwiri ndi kumanga valavu ya puresha kuti ikwere. Mapayipi, mota ndi makiyi a shafiti anawerengeredwa pa puresha ya poyamba, ndipo chofooka kwambiri mwa izo n'chimene chidzayankhe. Achitatu ndi kuika injini yaikulu. Walira mvula walira matope: injini yaikulu imafuna kilatchi, malamba ndi radiyeta zolingana nayo, imalemetsa ngolo yonyamula makinawo, ndipo liwiro la disiki siliyenera kupitirira limene opanga anaika ngakhale pang'ono. Timaswitchi tachitetezo ndiye sitidulidwa n'komwe, chifukwa ndi tokhato timene tingaimitse magudumu pamene chingwe kapena golovesi yakola munthu.

Kusintha kumene ndimakuvomereza ndi kofatsa: kuika geji ya puresha yokhalitsa, kuika kawaya kotchinga zinyalala kutsogolo kwa radiyeta, kusuntha timabowo ta girizi tobisika kuti tifikike mosavuta, ndi kuchepetsa liwiro la magudumu pa valavu yake mukamagaya mitengo youma yolimba. Chomalizachi chimadabwitsa ambiri. Magudumu oyenda pang'onopang'ono osaima amamaliza mulu msanga kuposa othamanga omwe akuima kawirikawiri. Komanso muyeso umene umalembedwa pa makina, kaya mainchesi 6 kaya 12, ndi kukula kwa pakhosi, osati chakudya cha tsiku lonse. Ngati theka la ntchito yanu ndi mitengo yodzaza khosilo, makina sakudwala, angochepa.

Mukamagula ogwiritsidwa kale ntchito

Khutu lomwelo mupite nalo kokagula. Pemphani kuti mupeze injini ili yozizira, ndipo igwireni ndi dzanja kuti mutsimikize, chifukwa injini yotenthetsedwa kale imabisa kuvuta kulira ndi utsi. Maola olembedwa pa mita musawakhulupirire okha, mita imasinthidwa. Yerekezani ndi kudyeka kwa pansi pa tebulo lolowetsera nthambi, mano a magudumu ndi khosi la chumuni. Penti yatsopano pamalo amodzi okha ikufuna mafunso.

Tsegulani nyumba ya disiki ndi tochi m'manja. Funani ming'alu pozungulira mabowo a mabawuti a mipeni ndi m'mizere yowotcherera. Disiki kapena dilamu yowotchereredwa ndi munthu wamba ndi chifukwa chokwanira chobwerera kwanu, mtengo utsike bwanji. Lowetsani chitsulo pansi pa shafiti n'kutukula kuti mumve ngati maberingi akusewera. Onani ngati mipeni ya mtundu umenewo, malamba ndi kabokosi ka magetsi zikupezekabe, popeza makina a injini yodziwika ngati Kubota, Perkins kapena Deutz savuta mbali ya injini, koma kabokosi ka mtundu womwe unasiya kupangidwa kangakuimitseni miyezi. Yerekezani nambala ya pa chimbale cha makina ndi ya pa mapepala, chifukwa makina a pangolo amabedwa kawirikawiri.

Kenako agwiritseni ntchito ndi mitengo yeniyeni, osati tinthambi tiwiri tomwe wogulitsa wakonzeratu. Bwerani ndi zipika zanu zolimba, zina zokula pafupi ndi muyeso wa makinawo, ndipo gayani kwa mphindi zosachepera 30 kuti oyilo atenthe. Imani pambali, mvetserani pamene magudumu akuima ndi mmene injini ikudzukiranso. Yesani chitsulo chachitetezo ndi mabatani onse ofiira magudumu akuyenda. Mukazimitsa ndipo zonse zitaima, ikani dzanja pafupi ndi nyumba za maberingi onse awiri kuti mumve ngati ina yatentha kuposa inzake, yang'anani pansi pa ngolo ngati pali madontho atsopano, ndipo tolani tizibenthu todzaza dzanja pamulu.